DIVINE NDI MBALE YAKE YA M'CHAKA CHA 1984

Lachinayi madzulo, pa 19 Julayi 1984, mabanja miyandamiyanda a ku Britain adakhala pansi kuonera pologalamu ya nyimbo ya BBC yotchedwa Top of the Pops, monga momwe adazolowerera kuchita sabata ndi sabata chiyambire chaka cha 1964. Pologalamuyi inkaonetsedwa pa wailesi yakanema ana asanagone, makolo atangodya kumene chakudya chamadzulo, ndipo lamulo lake lidali losavuta: mbale yako ya nyimbo ikamagulidwa kwambiri m'masitolo, kawirikawiri unkaitanidwa kudzaonekera. Tsiku limenelo pansanja padatulukira munthu wonenepa zedi, wolemera makilogalamu oposa 130, atavala deresi lothina, kumutu kuli wigi, nsidze zojambula zitakwera mpaka pamphumi. Mawu ake adali aamuna, okhuthala ndi osasa, ndipo mwini wake sadayese n'komwe kuwabisa. Dzina lake lapansanja lidali Divine, ndipo nyimbo yake idali "You Think You're a Man". Madandaulo a oonera adafika ku BBC ali mulu, nyuzipepala nazo zidaikapo mlomo, ndipo Divine sadaitanidwenso kudzaimirira pansanja imeneyo.

Munthu wongomva nkhaniyi chapatali akhoza kuganiza kuti Angerezi adadzidzimuka chifukwa adali asanaonepo mwamuna atavala deresi. Si choncho ayi. Mwamuna wovala zachikazi n'kumaseketsa anthu adali mnzawo wakalekale, ndipo m'chaka chomwecho adali atamuombera kale m'manja. Tsono funso loyamba limene tifuna kuyankha ndi ili: kodi Divine adalakwa chiyani chimene anzake sadalakwe? Pali funso lachiwiri limene limandisautsa kuposa loyambalo. Zidatheka bwanji kuti woimbayo atsekeredwe kunja, pamene kaimbidwe kake kadalowa m'nyumba iliyonse ya ku Britain ndi kukhalamo ngati mwini nyumba kufikira cha m'ma 1990?

Poyamba tigwirizane za mawu. Luso loti mwamuna achite zisudzo kapena aimbe atavala ndi kudzola ngati mkazi, kawirikawiri mopyola muyeso, Angerezi amalitcha drag. Ife tilibe liwu limodzi loti tiikepo, choncho tilisiya momwemo. Koma Chichewa chatipeputsira mtolo wina. Olemba Chingerezi amavutika kusankha pakati pa liwu loimira mwamuna ndi loimira mkazi akamanena za Divine, pamene "iye" wathuyu amakwanira onse. Mwini wake sankazungulira: ankati iye ndi mwamuna wochita zisudzo, ndipo maderesi adali zovala zantchito zimene ankavula akaweruka.

Dzina lake lenileni lidali Harris Glenn Milstead. Adabadwa pa 19 Okutobala 1945 ku Baltimore, m'dziko la America, mwana yekhayo wa makolo a mpingo wa Baptist. Kusukulu anyamata anzake ankamumenya chifukwa cha kunenepa ndi kayendedwe kake kamene iwo ankati n'kachikazi. Atakula adaphunzira ntchito yokonza tsitsi la amayi. M'zaka za m'ma 1960 adadziwana ndi mnyamata wina wa kwawo komweko, John Waters, amene ankajambula mafilimu ndi kamera yaing'ono pamodzi ndi anzake, ndalama zenizeni alibe. Waters ndiye adamupatsa dzina loti Divine, kutanthauza chinthu chaumulungu, chakumwamba. Kudali kunyogodola, pakuti zimene Divine ankachita m'mafilimumo zidalibe chakumwamba chilichonse. Mnzawo wina, Van Smith, ndiye adapanga nkhope ija: adameta tsitsi lakutsogolo mpaka pakati pa mutu kuti papezeke malo ojambulapo nsidze ndi utoto wa m'maso.

M'masiku amenewo ochita drag ambiri ku America ankapikisana kufanana ndi akazi okongola a m'mafilimu: kuwonda, kuyenda monyang'wa, kumwetulira mwaulemu. Divine adabwera kudzaseka zonsezo. Thupi limene anthu ankati liyenera kubisidwa, iye adaliveka nsalu yothina ndi kulibweretsa patsogolo. Cholinga chake chidali choti uchite mantha, kenaka useke, kenaka udzifunse chimene wasekacho. Filimu ya Pink Flamingos ya m'chaka cha 1972 idamutchukitsa pakati pa ophunzira ndi achinyamata oonera mafilimu pakati pa usiku, makamaka chifukwa cha chithunzi chomaliza pamene adadya chimbudzi cha galu, chenicheni, chosanamizira. Chinthu chimenechi chidamukanirira moyo wake wonse ngati fungo la utsi pa malaya, ndipo atolankhani sankatopa kumufunsa za icho.

Kutchuka kotereku kudalibe ndalama. Mafilimu ankatuluka mwa apo ndi apo, Female Trouble mu 1974, Polyester mu 1981, ndipo pakati pakepo munthu ayenera kudya. Divine adachita zisudzo ku San Francisco ndi ku New York, ndipo sewero la Tom Eyen lotchedwa Women Behind Bars lidamufikitsa ku London mu 1977. Manijala wake, Mngerezi wotchedwa Bernard Jay, adaona kuti makalabu ovinira usiku akhoza kulipira kuti Divine angoonekera, atukwane anthu pang'ono, awaseketse. Koma kutukwana kokha sikudzaza ola, pankafunika nyimbo. Mbale yake yoyamba, "Born to Be Cheap", idatuluka mu 1981 kudzera ku kampani yaing'ono ya ku Chicago yotchedwa Wax Trax!, ndipo siidapite patali. Tisanamizane, anzanga owerenga: chidamulowetsa Divine m'zoimba ndi lendi ndi ngongole. Mawu oimbira adalibe.

Tsono tipatuke pang'ono kuti tione nyimbo zimene zinkavinidwa m'makalabu amenewo. Disco idafika pachimake ku America cha m'ma 1978, kenaka anthu adaitembenukira. Pa 12 Julayi 1979, m'bwalo lamasewera la Comiskey Park ku Chicago, mulu wa mbale za disco udaphulitsidwa pamaso pa chikhamu cha anthu okondwera, ndipo posakhalitsa mawailesi ndi makampani aakulu adazifulatira nyimbozi. Koma amene adaiyamba disco, anthu akuda, ochokera ku Latin America, ndi amuna okondana ndi amuna anzawo, sadasiye kuvina. Chimene chidasowa ndi ndalama zolipirira gulu lalikulu la oliza mavayolini ndi malipenga monga kale. M'malo mwawo mudalowa makina oimba ng'oma ndi limba lamagetsi lotchedwa synthesizer. Njira adali ataionetsa kale Giorgio Moroder ndi Donna Summer mu 1977 ndi nyimbo ya "I Feel Love", ndiponso Patrick Cowley ndi Sylvester ku San Francisco. Ng'oma inkagunda mofanana, kanayi kanayi osapuma, pakati pa maulendo 120 ndi 140 pa mphindi. Besi inkadumpha kuchoka pansi kupita pamwamba ndi kubwereranso. Mbale zake zidali zazikulu, za mainchesi 12, kuti nyimbo imodzi italike ovina asakhale pansi msanga. Ku London, m'kalabu ya Heaven imene idatsegulidwa mu 1979 kunsi kwa siteshoni ya sitima ya Charing Cross, woika mbale Ian Levine adathandiza kutchukitsa kaimbidweka ndi dzina lake lomwe: Hi-NRG, ndiko kunena mphamvu zochuluka.

Kaimbidwe kameneka kadamukwana Divine ngati deresi losokera pathupi, pakuti kankangofuna munthu amene mawu ake angapyole phokoso la makina. Bobby Orlando wa ku New York, amene ankapeka nyimbo, kuliza zida ndi kutulutsa mbale mofulumira ndi motchipa, adajambula naye "Native Love (Step by Step)" ndi "Shoot Your Shot" mu 1982, ndiponso "Love Reaction" mu 1983. Ife a kuno liwu lakuti native timalidziwa bwino kuchokera m'mabuku a atsamunda, ndipo mutu wa nyimbo ina ya nthawi yomweyo, "Jungle Jezebel", ukuonetsa kuti anthu okanidwa nawonso amatha kuseweretsa mawu amene adapweteka ena. Kwawo ku America mbalezi zidathera m'makalabu. Mawailesi aakulu sadazikhudze. Koma ku Netherlands ndi ku West Germany zidagulidwa, ndipo Divine adayamba kuyenda m'maiko a ku Ulaya ndi sutikesi ya maderesi ndi tepi ya nyimbo, usiku uno tauni iyi, mawa ina. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pambuyo pake adasemphana ndi Orlando pa nkhani ya malipiro, ndipo iye ndi Jay adayamba kufuna khomo lina.

Khomolo lidapezeka ku London, ku kampani yaing'ono ya Proto ya Barry Evangeli. Nyimbo idalipo: adaipeka ndi Geoff Deane, amene kale adali woimba wa gulu la Modern Romance. Ankasowa ndi oikonza m'situdiyo, ndipo ntchitoyo idapatsidwa kwa anthu atatu amene dzina lawo lidali lisanamveke. Mike Stock ndi Matt Aitken adali oimba a m'mahotela, oimba nyimbo za ena. Pete Waterman adali munthu wamalonda amene adayamba ngati woika mbale ku Coventry, ndipo makutu ake ankadziwa chimene chimadzutsa anthu pamipando. Adali atangogwirizana kumayambiriro kwa 1984, ndipo ntchito zawo zoyamba, kuphatikizapo nyimbo imene dziko la Cyprus lidapita nayo ku mpikisano wa Eurovision chaka chimenecho, sizidamveke kwenikweni. Koma Waterman adali ataona chinthu chimene makampani aakulu ankachinyalanyaza: makalabu a amuna okondana adali msika, ndipo anthu ake ankagula mbale ikangotuluka. Chimenechi chidali chofunika pakuti ku Britain mndandanda wa nyimbo zotchuka unkawerengedwa potengera mbale zogulidwa m'masitolo basi, pamene ku America ankawerengeranso kuti mawailesi aiimba kangati. Ku America eni mawailesi akaikana nyimbo, ndiye kuti yafa. Ku Britain anthu a m'makalabu ankatha kuikankhira pa mndandanda ndi ndalama zawo, ndipo ikafika pamenepo Top of the Pops kawirikawiri idalibe pothawira, pakuti lamulo lija idadziikira yokha. Walira mvula walira matope.

Nanga nyimboyo ndi yotani? Mutu wake m'Chichewa tingati ndi "ukudziyesa mwamuna". Woyankhula m'nyimbomo ndi munthu amene chibwenzi chake chikumusiya, ndipo m'malo molira akumunyoza womusiyayo ndi kumuchepetsa pa chinthu chomwecho chimene amadzitama nacho. Nyimbo za mkazi wosiyidwa wodzilimbitsa mtima zidali zambiri m'masiku a disco, ndipo iyi ikadaimbidwa ndi mkazi palibe akadacheuka. Koma taikani mawu omwewo m'kamwa mwa mwamuna wovala deresi, woyang'ana kamera dwii. Tsopano akuuzidwa ndani? Akuuzidwa ndi bambo uja wakhala pampando wandalema kunyumba kwake, nyuzipepala pamwendo, mkazi ndi ana pambali. Ndipo womuuza kuti umuna wake ndi woperewera ndi munthu amene bamboyo sakadamuwerengera m'gulu la amuna. Ine ndikuona kuti mbola ya nyimboyi ili pamenepa. Chipongwe chimene Glenn Milstead adachimva kusukulu ku Baltimore adachibweza kwa eni ake, pa wailesi ya dziko lonse, nthawi ya chakudya chamadzulo.

Kunena za kaimbidwe, sindinganame kuti Divine ankaimba bwino. Amakalipa kuposa kuimba, ndipo pamene mawu afunika kukwera iye amangowonjezera ukali. Koma Stock ndi Aitken adamumangira nyumba yolimba: ng'oma ya makina yowuma gwa, malimba owala, ndi kolasi imene umaigwira ukangoimva kamodzi. Mbale za Orlando zinkamveka ngati zojambulidwa usiku umodzi m'kachipinda. Iyi idali yosalala, yoti n'kuikidwa pa wailesi masana. Kusalala kumeneku ndiko kudaichotsa m'kalabu ndi kuilowetsa m'nyumba za anthu, ndipo ndi komwenso kudabweretsa mlandu.

Tibwerere tsono ku funso lathu loyamba. Chaka ndi chaka pa nyengo ya Khirisimasi, Angerezi amatenga ana awo kukaonera masewero otchedwa pantomime, ndipo m'masewero amenewa mbali ya mayi wachikulire wolongolola imachitidwa ndi mwamuna. Ndi mwambo wa zaka zoposa 100. Danny La Rue, wovala maderesi onyezimira kuposa a mkazi aliyense, adali mmodzi mwa asangalatsi olipidwa kwambiri m'dzikomo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo adaonekera ngakhale pamaso pa banja lachifumu. Pa wailesi yakanema Dick Emery ndi Les Dawson ankavala zachikazi, anthu n'kumafa nalo phwete. Mu Epulo 1984, miyezi itatu yokha Divine asanaonekere, gulu la Queen lidatulutsa nyimbo ya "I Want to Break Free", ndipo m'kanema wake Freddie Mercury, ndevu zake zapamlomo zili momwemo, akusesa m'nyumba ndi makina atavala siketi yaifupi. Anthu a ku Britain adazindikira kuti akutsanzira sewero lawo la Coronation Street, adaseka, ndipo nyimboyo idafika pa nambala 3. Boy George naye, amene ataonekera pa Top of the Pops mu 1982 anthu adafunsana ngati ndi mnyamata kapena mtsikana, pofika 1983 adali wokondedwa wa ana ndi agogo omwe, ndipo "Karma Chameleon" ya gulu lake la Culture Club idali mbale yogulidwa kuposa zonse chaka chimenecho.

Onsewa adali ndi chinthu chimodzi chofanana: ankamusiyira woonera potulukira. Mayi wa pantomime ndi nthabwala, ndipo aliyense amadziwa kuti palibe angamufunsire. La Rue akatuluka atakongola ankalonjera anthu ndi mawu aakulu aamuna, ngati kuwauza kuti musade nkhawa, ndi sewero chabe. Boy George adali wofatsa, wa nkhope yosalala, ndipo adanenapo poyera kuti kapu ya tiyi imamukomera kuposa za kuchipinda. Divine sadasiye potulukira paliponse. Kukongola koti umukhululukire nako adalibe, kupusa koti umumvere chisoni adalibenso, ndipo wosekedwa pa sewero lake udali iwe woonera. Adali wonenepa koma wodzionetsa ngati munthu wofunidwa ndi wofuna, ndipo ine ndikhulupirira kuti kunenepako kudakwiyitsa anthu mofanana ndi deresilo. Mkazi weniweni wa thupi lotero akadavala chotero ndi kuvina chotero, makalata akadalembedwabe.

Tisaiwalenso nyengo yake. Lamulo la m'chaka cha 1967 lidali litachotsa mlandu pa amuna okondana ku England ndi Wales, koma pokhapokha ngati akwana zaka 21 ndipo ali kwaokha. Kuonekera poyera idali nkhani ina. Matenda a Edzi, amene madokotala a ku America adawalengeza koyamba mu 1981, adali atayamba kupha anthu ku London, ndipo nyuzipepala zina zinkawalemba ngati mliri wa amuna okondana okhaokha. Patrick Cowley uja adafa nawo mu 1982. BBC nayo idali ndi bala laliwisi. Mu Januwale 1984 idaletsa nyimbo ya "Relax" ya gulu la Frankie Goes to Hollywood, ndipo chotsatira chake chidali chakuti nyimboyo idakhala pa nambala 1 masabata asanu. M'mwezi wa Julayi womwe Divine adaonekerawo, gulu lomwelo lidali pa nambala 1 ndi "Two Tribes", ndipo "Relax" yoletsedwayo idali itakweranso mpaka pa nambala 2. Bronski Beat, anyamata osabisa chimene adali, adali atangofika pa nambala 3 ndi "Smalltown Boy". Kwa munthu wokonda zakale, 1984 chinkaoneka ngati chaka chimene mpanda udagwa, ndipo Divine adali mbuzi yaikulu pa zonse zimene zidalowa m'munda.

Sindikunena kuti aliyense wodandaula adali ndi mtima woipa. Kholo lili ndi ufulu wofunsa chimene chikuonetsedwa kwa mwana wake wamng'ono, ndipo palinso amayi ena oganiza mozama amene kuyambira kale amati drag ndi kunyoza akazi, mwamuna kutenga thupi la mkazi ndi kulisandutsa choseketsa. Mtsutso umenewo sudathe mpaka lero. Koma pologalamu yomweyo idakhala zaka zambiri ikuonetsa atsikana ovina a magulu a Pan's People ndi Legs & Co, kawirikawiri atavala tinsalu tochepa, ndipo iwo ankabweranso sabata yotsatira. Pa Top of the Pops Divine sadavule chovala ndipo matukwano ake a m'kalabu adawasiya pakhomo. Adangoimba nyimbo yake n'kutsika.

Madandaulowo sadaiphe mbale. Idakwera mpaka pa nambala 16 ku Britain, ndipo ku Australia, kumene Divine adakaonekera pa pologalamu ya Countdown chaka chomwecho, idafika pa nambala 8. Pamenepa ndi pamene adafika patali kwambiri m'zoimba. "I'm So Beautiful", yokonzedwa ndi atatu omwe aja, siidalowe n'komwe m'gulu la 40 zoyambirira. "Walk Like a Man", nyimbo yakale ya Four Seasons imene mutu wake wokha udasanduka nthabwala m'kamwa mwake, idafika pa 23 mu 1985. Kuchokera apo mbale zake zidayamba kutsika, ndipo iye adabwerera kumene adachokera, m'makalabu, ndi sutikesi yake ija.

Okolola adali ena, ndipo apa tafika pa funso lachiwiri. Iyi idali mbale yoyamba ya Stock, Aitken ndi Waterman kulowa m'gulu la 20 zoyambirira. M'nyengo yomweyo Hazell Dean adafika pa nambala 4 ndi "Whatever I Do (Wherever I Go)", yophikidwa mumphika womwewo. Pete Burns wa gulu la Dead or Alive adamva mbale zimenezi ndi kuumirira kuti atatuwa ndiwo amukonzere nyimbo, ndipo "You Spin Me Round (Like a Record)" idakhala nambala 1 yawo yoyamba mu Malichi 1985. Burns naye adali wodzoladzola, wa tsitsi lalitali ndi chigamba pa diso. Koma taonani mmene nkhope zidasinthira pambuyo pake: Bananarama mu 1986, Rick Astley mu 1987, ndipo mu 1988 Kylie Minogue ndi Jason Donovan, achinyamata a m'sewero la ku Australia la Neighbours. Makina ndi omwewo, ng'oma ndi yomweyo, ngakhale liwiro lidachepetsedwa ndipo ukali udachotsedwa. Koma kutsogolo kwaima mnyamata wa jekete ndi mtsikana womwetulira, oti mayi aliyense angawalandire pakhomo. Atatuwa adafikitsa nyimbo 13 pa nambala 1 ku Britain ndi zoposa 100 m'gulu la 40 zoyambirira, mpaka situdiyo yawo idatchedwa fakitale. Ambiri mwa ana amene ankagula mbale zimenezi sankadziwa kuti kaimbidweka kadakulira m'makalabu amene makolo awo sakadalola n'kuwatchula komwe. Kuba sikudalipo, pakuti Stock ndi Aitken ndiwo adaliza zidazo ndi manja awo, ndipo Waterman sadabise kumene adakatenga. Komabe amene adawerengapo mbiri ya jazz kapena ya rock and roll aizindikira nkhaniyi: oyambitsa kaimbidwe ndi anthu okanidwa, ndipo ndalama zenizeni zidabwera nkhope itasinthidwa.

Nyimboyo payokha idapitiriza ulendo. Mu 1987 gulu la ku Scotland lotchedwa The Vaselines lidaiimbanso mwa njira yawoyawo. Ojambula a Disney adatengera maonekedwe a Divine popanga Ursula, mfiti ya m'nyanja ya mufilimu ya The Little Mermaid ya 1989, kotero kuti nkhope imene idathamangitsidwa pofuna kuteteza ana idabwerera kwa ana omwewo podzera khomo lakuseri. Ku America wochita drag amene adadzalandiridwa pa MTV ndi nyimbo yovina adali RuPaul, ndi "Supermodel (You Better Work)" imene idatuluka mu 1992. Iye adali wamtali, woonda ndi wokongola, zinthu zomwe zija Divine adabwera kudzaseka.

Divine mwini wake mtima wake sudali pa mbale. Chimene ankafuna chidali kuvomerezedwa ngati katswiri wa zisudzo wotha kuchita mbali iliyonse, ya mkazi kapena ya mwamuna. Mu 1985 adachita mbali ya chigawenga chachimuna mufilimu ya Alan Rudolph yotchedwa Trouble in Mind. Mu Febuluwale 1988 kudatuluka Hairspray ya John Waters, momwe iye adali Edna Turnblad, mayi wotopa wa ku Baltimore wokhalira kusita zovala za anthu, wopanda nsidze zija ndi ukali uja, ndipo olemba za mafilimu m'nyuzipepala zazikulu adamuyamikira kuposa kale lonse. Adaitanidwa kukachita mbali ya mwamuna m'sewero la pa wailesi yakanema lotchedwa Married... with Children. Adafika ku Los Angeles, adakonzekera, koma pa 7 Malichi 1988, sewerolo lisanajambulidwe, adapezeka atamwalira m'chipinda chake kuhotela. Mtima wake udali utakula mopyola. Adali ndi zaka 42. Sabata imeneyo nambala 1 ku Britain idali "I Should Be So Lucky" ya Kylie Minogue, mtsikana wa zaka 19, ndipo m'mwezi womwewo "Never Gonna Give You Up" ya Rick Astley idafika pa nambala 1 ku America, dziko limene Divine sadalowepo pa mndandanda wake waukulu. Mbale zonse ziwiri adazikonza ndi Stock, Aitken ndi Waterman.